Njinga ya Bambo Kamkwamba: Za Ubambo Kwathu Kuno, Kale ndi Lero

Makolo athu Achichewa ankati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mwambi umenewu ndi wowawa, koma amene afuna kudziwa mbiri ya ubambo kuno ku Dedza ayenera kuyambira pomwepa. Mwamuna akakwatira ankasiya mudzi wa kwawo nakamanga nyumba kuchikamwini, kulima munda umene apongozi amulozera, nabereka ana amene pa mwambo sanali ake. Ana anali a mbumba ya mayi. Akadwala, akapalamula mlandu kapena akafuna banja, woyamba kuuzidwa anali atsibweni awo, mwini mbumba. Ukwati ukatha, bambo ankanyamula khasu ndi mphasa yake, ana n'kutsala.

Angoni a Maseko, amene anakhazikika kuphiri la Domwe cha m'ma 1870, anabwera ndi mwambo wina: kulowola ng'ombe, ndi kuwerenga mwana ku mtundu wa bambo. Koma anakwatira akazi Achichewa, natenganso chinenero chawo, kotero kuti m'midzi yambiri ya Dedza ndi Ntcheu miyambo iwiriyi inasakanikirana, ndipo chikamwini sichinafe.

Chimene chinagwedeza mpando wa atsibweni si nkhondo ayi, koma ndalama. Atsamunda atakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, amuna anayamba ulendo wa ku Harare ndi ku Joni, ena wapansi, ena pambuyo pake kudzera ku Wenela ndi Mthandizi. Pofika 1973, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, nipha Amalawi 74 amene anali kubwerera kwawo, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu a kumigodi kwa zaka zingapo. Taganizani, awerengi anga, ana angati anadziwa bambo wawo ngati munthu wa pa chithunzi, wotumiza bulangete pa Khirisimasi. Ena sanabwererenso konse, tinkawatcha matchona. Koma amene anabwerera anabwera ndi sutikesi, wailesi ndi njinga, ndiponso ndi mawu atsopano m'nyumba: amene walipira fizi ndi amene adzanene za mwana. Amishoni nawo anali kuphunzitsa kuti mwamuna ndiye mutu wa banja. Lamulo linatsatira mochedwa, mpaka mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, loika patsogolo mkazi ndi ana a womwalirayo.

Zonsezi ndazifotokoza chifukwa cha kanema mmodzi amene ndimamukonda koposa onse onena za bambo ndi mwana, wotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, amene anatuluka mu 2019. Anamujambulira kwathu konkuno, ku Kasungu, ndipo mbali yaikulu anthu ake amayankhula Chichewa. Nkhani yake inachokera m'buku limene William Kamkwamba analemba ndi Bryan Mealer mu 2009. William anabadwa mu 1987, nakulira m'mudzi wa Masitala ku Wimbe. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake analephera kumulipirira fizi ku sekondale ya Kachokolo. Mnyamatayo anayamba kubwereka mabuku ku laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulaimale, ndipo ali ndi zaka 14 anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo, pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, zitsulo zotola kudzala ndi njinga ya bambo ake.

Anthu ambiri amaonera kanemayu chifukwa cha mwanayo. Ine diso langa limakhala pa bambo, a Trywell Kamkwamba, amene mbali yawo anasewera ndi Chiwetel Ejiofor, yemwenso anatsogolera ntchito yonse yojambula. Ejiofor ndi wa ku London, makolo ake a ku Nigeria, ndipo Chichewa anachita kuphunzira. Kunena zoona, lilime lake limapunthwa, ndipo pena Mchewa amafuna kuwerenga mawu olembedwa pansi kuti amve Chichewa chake chomwe. Mwana wathu Lily Banda, wosewera ngati mlongo wa William, ndiye amayankhula mokoma. Koma pa kayendedwe ka bambo wa kumudzi amene nkhokwe yake yauma, Ejiofor sanaphonye.

Onani mmene nkhaniyo iyambira. Mkulu wake wa a Trywell, a John, amwalira, ndipo minda yawo ipita kwa mwana wawo Jeremiah. M'masiku a agogo athu wolowa chuma akadakhala mwana wa mlongo wawo. Mukanemayu atsibweni sakuoneka akubwera ndi thumba la chimanga kapena ndalama ya fizi. Katundu yense amene kale ankasenza anthu a mbumba ali pamutu pa mwamuna mmodzi, ndipo pamwamba pake boma linali litagulitsa chimanga cha m'nkhokwe za dziko njala isanafike. Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kudya gaga ndi mizu.

Ndiye mwana abwera nati: bambo, ndipatseni njinga yanu ndiidule. A Trywell akana mwaukali, naphwanya kachitsanzo kamene mwanayo anapanga, namutumiza kumunda ndi khasu. Achinyamata a masiku ano akaona pamenepa amati bambowa ngouma mutu. Ine sinditero. Aliyense amene anaimapo pamsewu pa Chimbiya m'mawa, naona matumba a mbatatesi ndi makala akubwera pa njinga, adziwa kuti njinga ndi ng'ombe ya munthu wosauka: ndiyo ipita kuchigayo, ndiyo inyamula wodwala, ndiyo ikasaka chimanga ku Admarc. Munthu amene watsala ndi chinthu chimodzi sachipereka kwa mwana chifukwa cha zojambula za m'buku la Chizungu. Ngakhale Azungu amadziwa zimenezi. Mu 1948 Vittorio De Sica anapanga kanema wotchuka, Bicycle Thieves, wa bambo wa ku Rome amene anamubera njinga yogwirira ntchito, nayenda mzinda wonse ndi mwana wake kuifunafuna, mpaka iye mwini anayesa kuba ya wina mwanayo akuona. Mwambi wathu uti tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Akanema awiriwa akuonetsa tsiku limene mtengo ndiwo ugwedezeka, tsamba likuyang'ana.

Timati mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo ndi zoona. Koma mwambo wathu sunatisiyire mwambi womveka bwino wa tsiku limene mwana adziwa chimene bambo sadziwa, chifukwa kale nzeru za ulimi, za kusula ndi za kumanga nkhokwe zinkatsika kuchokera kwa akulu. Sukulu ndiyo inatembenuza mtsinjewo. Pamene a Trywell apereka njinga ija, nagwira nawo ntchito yoimika nsanja molamulidwa ndi mwana wawo, akuchita chinthu chimene atate awo sanaphunzitsidwe kudambwe kapena kutchalitchi.

Opanga kanema anakometsako pang'ono. Iwo aonetsa makinawo akupopa madzi nthawi yomweyo, mudzi n'kupulumuka ku njala. Makina oyamba a William anangoyatsa mababu ndi wailesi m'nyumba ya makolo ake. Madzi a pampopi anafika patapita zaka, iye atayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007 ndi kupeza omuthandiza. Anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America mu 2014.