Mwana wa Pagombe ndi Maphunziro a Zachilengedwe: Mbiri ya ku Nkhata Bay

Tikaima pa mchenga wa ku Chikale kunja kukucha, timaona mabwato akubwera kuchokera kozinga usipa, nyali zitazimitsidwa, ndipo pakati pa amene akuthandiza kukoka chilimira sipalephera kukhala anyamata a msinkhu wa sukulu. Funso la amene ayenera kuphunzitsa ana amenewa za nyanja ndi nkhalango zowazungulira ndi lakale, ndipo mayankho ake akhala akusintha m'mibadwo.

Aphunzitsi oyamba anali makolo eniake. Atonga a kuno ankadziwa nsomba iliyonse ndi dzina lake, malo ake ndi nyengo yake yoswana. M'zaka za m'ma 1950, pamene akatswiri a kafukufuku wa nsomba anakhazikitsa ntchito yawo pa Nkhata Bay, mmodzi wa iwo, Geoffrey Fryer, anafufuza tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala ya m'mphepete mwa nyanja. Dzina limene dziko lonse limatchula nsombazi lero, mbuna, ndi mawu a Chitonga ochokera pakamwa pa asodzi. Nzeru zinachoka pagombe kupita m'mabuku a ku Ulaya, osati kuchoka m'mabuku kubwera pagombe.

Kumwera, ku Salima, dera limene Asilamu ndi ambiri, mafumu a ufumu wa Makanjira akhala akutseka chilumba cha Mbenji m'nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, kuti nsomba ziswane popanda kusokonezedwa. Pachilumbapo saloleza mowa ngakhale njuga. Mwana wokulira kumeneko amaphunzira kudziletsa poona akulu akusiya nsomba m'madzi dala, njala ili mkati.

Sukulu ya makalasi inafika m'boma lino mu 1881, pamene mishoni ya Livingstonia, motsogozedwa ndi Robert Laws, inasamuka ku Cape Maclear n'kukakhazikika ku Bandawe. Atonga anailandira ndi manja awiri, ndipo posakhalitsa anatchuka ngati alembi ndi akapitawo mpaka ku migodi ya ku Zimbabwe ndi South Africa. Makolo ambiri achisilamu m'mbali mwa nyanja anakana kutumizako ana awo, poopa kuti akasinthidwa dzina ndi chipembedzo. Manthawo anali ndi maziko, koma mtengo wake unali wowawa: kwa mibadwo ingapo, zonse zimene zinkadzera m'kalasi zinkawadutsa ana athu.

Maphunziro a zachilengedwe nawonso anadzera khomo lomwelo. Bungwe limene lero timalitcha Wildlife and Environmental Society of Malawi linayamba mu 1947 ndi dzina la Nyasaland Fauna Preservation Society, ndipo poyamba linali la azungu oteteza nyama. Pambuyo pake linatembenukira kwa ana, n'kulimbikitsa makalabu a zachilengedwe m'masukulu ndi kusindikiza magazini ya ana ya Nantchengwa. Mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, ndipo mu 1984 UNESCO inaika malowo pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha mbuna zija.

Chaka cha 1994 chinasintha zambiri. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana oposa miliyoni imodzi analowa sukulu mwatsopano m'chaka chimodzi. Makalasi anasefukira, aphunzitsi anachepa, ndipo ana ambiri ankaphunzirira pansi pa mitengo. Mpata umenewu ndi umene mabungwe othandiza anadzalowamo. Ripple Africa, imene Geoff ndi Liz Furber anaiyambitsa mu 2003 ku Mwaya kumwera kwa Chintheche, inatsegula sukulu za mkaka, kuthandiza mapulayimale, kudzala mitengo ndi kufalitsa mbaula ya njerwa ndi dothi ya Changu Changu Moto, imene imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu. Kenaka inayamba kugwira ntchito ndi makomiti a asodzi poteteza malo oswanira nsomba ndi kuletsa kupha nsomba ndi masikito. Ndondomeko ya Children in the Wilderness, imene inayambira ku Botswana mu 2001, inafikanso kuno: ana a m'midzi ankatengedwa kukagona masiku angapo pa Chintheche Inn kapena pa Mvuu ku Liwonde, kumene ankaphunzira za nyama, mitengo ndi umoyo, ndipo ena ankalipiriridwa maphunziro a sekondale.

Ntchito zonsezi zagwirizana pa mfundo imodzi: n'kovuta kuuza mwana kuti asunge nkhalango ya Kalwe kapena ya Mkuwazi pamene makala ndiwo amamugulira makope. Kuteteza chilengedwe ndi kusunga mwana pasukulu ndi mtolo umodzi. Ndipo nthawi sili kumbali yathu, pakuti mu 2018 bungwe la IUCN linaika chambo m'gulu la nsomba zimene zili pafupi kutheratu.

Phunziro la mbiriyi likugwera makomo athu. Kalabu ya zachilengedwe, thandizo la fizi ndi mwayi wopita ku kampu zimapeza mwana amene dzina lake lili m'kaundula wa sukulu. Mnyamata amene tamulola kugona panyanja usiku wonse, m'mawa n'kumasinza pa mchenga, zonsezi zimamuphonya, monga momwe zinaphonyera agogo ake pa zifukwa zina. Lero mwana angathe kupita ku sukulu m'mawa, ku madrasa masana, osataya dzina lake kapena chikhulupiriro chake. Chotsala n'chakuti ife akulu timupatsenso zimene kalasi silingamupatse: mayina a nsomba, nyengo zake zoswana, ndi chitsanzo cha kholo limene likapeza tiana ta chambo mu ukonde limatibwezera m'madzi mwana akuona.