Ana a Mpingo amene anafunsa za nkhondo yathu

Akuluakulu a kuno kumalire amakumbukira kuti m'nthawi ya atsamunda, sukulu ya mwana wakuda inali ya kumishoni. Pangano la mu 1940 pakati pa boma la Salazar ndi Vatican ndilo linaika maphunziro athu m'manja mwa ansembe. Cimene sitikamba kawirikawiri n'cakuti ku Portugal komweko, ana oleredwa ndi Mpingo anadzafika potsutsa boma lomwelo.

Mu 1933 maepiskopi a kumeneko anakhazikitsa Acção Católica. Nthambi yake ya ophunzira a kuyunivesite inali Juventude Universitária Católica, mwacidule JUC. Akulu a Mpingo ankafuna acinyamata opemphera, osalowerera ndale, ndipo Kadinala Cerejeira anali bwenzi la Salazar kuyambira ali ku Coimbra. Koma m'dziko loletsa zipani, momwe apolisi a PIDE ankamvetsera paliponse, gulu la Mpingo linali limodzi mwa malo ocepa okumanirako n'kukambirana.

Mu 1953 JUC inacititsa msonkhano wake waukulu woyamba ku Lisboa, motsogozedwa ndi Adérito Sedas Nunes ndi Maria de Lourdes Pintasilgo. Anakambirana za udindo wa yunivesite, koma m'zaka zotsatira mafunso anafika pa umphawi ndi ufulu wolankhula. Mu 1963 João Bénard da Costa, yemwe anatsogolerapo gululi, anathandiza kuyambitsa magazini ya O Tempo e o Modo, momwe Akatolika ndi osapemphera ankalembera limodzi.

Kenako funso linafika pa ife. Pa 30 Disembala 1972, Akatolika ena pamodzi ndi ophunzira anasonkhana m'kacisi wa Rato ku Lisboa, nayamba kusala kudya ndi kukambirana za nkhondo ya ku Angola, Guiné ndi Mozambique. M'mawa mwake madzulo apolisi analowa, nagwira anthu. Milungu iwiri m'mbuyomo, pa 16 Disembala, asilikali anali atapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu, pafupi ndi Tete. Dziko linadzamva zimenezi mu Julayi 1973.

JUC sindiyo inathetsa nkhondo. Anaithetsa ndi omenyera ufulu m'thengo ndi asilikali amene anagwetsa boma pa 25 Epulo 1974. Komabe gululi linaphwanya bodza lakuti Mkatolika wabwino amangomvera boma. Pintasilgo anadzakhala nduna yaikulu ya Portugal mu 1979. António Guterres, yemwe anakhala mlembi wamkulu wa United Nations mu 2017, nayenso anakulira m'gulu lomweli.