Mnyamata wa ku San Bernardo: Kukumbukira Víctor Jara

Mu chaka cha 1950, ku seminale ya ansembe a chipani cha Redemptorist ku San Bernardo, kum'mwera kwa mzinda wa Santiago m'dziko la Chile, kudafika mnyamata wina wakumudzi amene amai ake adali atangomwalira kumene. Adakhalako zaka ziwiri, naphunzira kuimba nyimbo za Chigregori, ndipo mu 1952 adatuluka osafika pa unsembe. Ife amene takulira m'maseminale tikudziwa kuti zimenezi sizachilendo: chaka ndi chaka ena amanyamula katundu wao, tiwaperekeza pa chipata, ndipo posakhalitsa maina ao amaiwalika. Koma dzina la mnyamata uyu, Víctor Jara, silidaiwalike, ndipo nkoyenera kuti ifenso tilisinkhesinkhe, ngakhale kuti mbiri yake siitipatsa mtendere.

Jara adabadwa mu 1932, nakulira ku Lonquén, kumene bambo ake Manuel ankalima munda wa mwinimalo wolemera. Mphunzitsi wake woyamba wa nyimbo adali amai ake, Amanda. Iwo ankaimba ndi gitala pa maukwati, pa maubatizo ndi pa maliro. Pakati pa alimi a ku Chile padali mwambo wochezera usiku wonse pa maliro a khanda, namaimba nyimbo zokhudza za Mulungu, pokhulupirira kuti mwana wobatizidwa wofa asanachimwe wasanduka mngelo. Tsono chikhulupiriro chimene Jara adayamba kuchimva sichidali cha m'mabuku ai, koma cha mai wosauka woimbira mai mnzake wofedwa. Ichi tichigwiritse, pakuti popanda icho sitingamvetse nyimbo zake za pambuyo pake.

Atatuluka ku seminale ndi kutsiriza usilikali, adalowa kwaya ya University ya Chile, kenaka adaphunzira za zisudzo mpaka kukhala wotsogolera zisudzo wodziwika. Violeta Parra, mai amene ankayenda m'midzi kutolera nyimbo za makolo, adamulimbikitsa kuimba. Kuchokera m'ntchito ya anthu oterewa mudaphuka kaimbidwe kotchedwa Nueva Canción, ndiko kuti nyimbo yatsopano: zoimbira ndi maimbidwe a anthu wamba, koma mau ake onena za mlimi wopanda munda, wantchito wa m'fakitale ndi okhala m'zisakasa za m'mbali mwa mzinda.

Tisabise kuti ubale wake ndi Eklezia sudali wokoma. Adali wa chipani cha Komyunisiti. Nyimbo yake ina yoseka, La beata, yonena za mai wopembedza amene mtima wake udagwa pa wansembe womvetsa kulapa, idaletsedwa pa mawailesi. Komabe nyimbo imene idapambana pa chikondwerero choyamba cha Nueva Canción mu 1969, Plegaria a un labrador, ndi pemphero la kwa mlimi, ndipo aliyense woimva amazindikira kuti idaumbidwa pa pemphero la Atate Athu. Ena angati uku nkunyoza zopatulika, chifukwa malo a Atate wawapatsa mlimi. Ife tiona ngati chiweruzo chimenechi nchofulumira. Munthu satenga mau a pemphero limene lidamufera mumtima. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1968, maepiskopi a ku Latin America adali atasonkhana ku Medellín, nanena poyera kuti umphawi wa anthu ao udali chisalungamo chofuulira kumwamba. Woimbayo ndi maepiskopiwo ankayang'ana chilonda chimodzi, ngakhale sadagwirizane za mankhwala ake.

Pali nyimbo inanso imene tiyenera kuitchula mosakondera. Mu March 1969 apolisi adaombera anthu osowa pokhala amene adalanda malo ku Puerto Montt, ndipo anthu pafupifupi khumi adafa. Jara adapeka nyimbo yotchula dzina la nduna yoona za m'dziko, Edmundo Pérez Zujovic, kuti ndiye woyenera kuyankha. Mu 1971 kagulu kena ka zigawenga kadapha ndunayo. Palibe umboni woti Jara adakhudzidwa ndi imfayo, koma nkhaniyi itikumbutsa m'mene dziko la Chile lidagawikira, kotero kuti mau oimbidwa ankalemera ngati mwala.

Pa 11 September 1973 asilikali adagwetsa boma la Salvador Allende, limene Jara ankaliimbira. Iye adali ku University ya Zaumisiri kumene ankagwira ntchito, ndipo m'mawa mwake adatengedwa pamodzi ndi aphunzitsi ndi ophunzira kupita ku Estadio Chile, nyumba ya masewero imene idasandutsidwa ndende ya anthu zikwi zingapo. Kumeneko adazindikiridwa, napatulidwa, namenyedwa. Asanaphedwe adalemba ndakatulo imene akaidi anzake adaitulutsa mobisa. Mtembo wake udatayidwa pafupi ndi manda ena a mumzindawo uli ndi mabala a zipolopolo 44. Kwa zaka zambiri kunkamveka kuti adamdula manja, ndiponso kuti adafera m'bwalo lalikulu la mpira la Estadio Nacional. Zonse ziwirizi sizoona. Manja ake adaphwanyidwa, sadadulidwe, ndipo choonacho nchokwanira kutiliza popanda kuonjezerapo.

Pa 18 September, tsiku lokumbukira ufulu wa Chile, mkazi wake Joan, wochokera ku England, adakatenga mtembowo atauzidwa ndi mnyamata wina wogwira ntchito ku nyumba ya chisoni, nauika m'manda mwakachetechete, popanda mwambo. Tsiku lomwelo Akadinala Raúl Silva Henríquez adatsogolera mapemphero a dziko, akuluakulu a asilikali olanda boma ali pomwepo. Mapempherowo sadachitikire ku katedralo monga mwa mwambo, koma ku tchalitchi cha Gratitud Nacional. Komabe, tikaika zinthu ziwirizi pamodzi, maliro a anthu owerengeka kuno ndi mapemphero a akuluakulu uko, mtima wa wansembe uyenera kugunda. M'mawa mwake wansembe wina wa ku Spain wogwira ntchito m'chipatala, Bambo Joan Alsina, adaomberedwa pa mlatho wa mtsinje wa Mapocho.

Akadinala omwewo sadakhale chete nthawi yaitali. Mu October 1973, pamodzi ndi atsogoleri a mipingo ina ndi a Chiyuda, adakhazikitsa komiti yothandiza omangidwa ndi mabanja ao. Pinochet atakakamiza kuti komitiyo ithe, iwo adatsekula Vicaría de la Solidaridad mu January 1976, pansi pa ulamuliro wa dayosizi yao, kumene boma silikadatha kuigwira mosavuta. Mpaka 1992 ofesiyi idalemba maina a ozunzidwa ndi osowa, ndipo mapepala akewo adathandiza makhoti pambuyo pake. M'zaka zomwezo, pamene kaimbidwe ka Jara kadali koopsa kukamvetsa poyera, maholo a maparishi ena a m'midzi ya osauka adakhala pothawira pa oimba ndi omvera.

Chilungamo chidabwera mochedwa. Mu 2003 Estadio Chile idatchedwa Estadio Víctor Jara. Mu 2009 mtembo wake udafukulidwa kuti aupime, ndipo mu December chaka chomwecho anthu zikwizikwi adauperekezanso kumanda akuimba, maliro amene adamanidwa zaka 36 m'mbuyomo. Mu August 2023 khoti lalikulu la Chile lidatsimikiza chigamulo cha ukaidi kwa asilikali asanu ndi awiri opuma pa ntchito, onse ali nkhalamba. Joan Jara adachimva chigamulocho, ndipo adamwalira mu November chaka chomwecho ali ndi zaka 96.