Malamulo a malonda a pakati pa mayiko

Malamulo a malonda a pakati pa mayiko ndi gawo la malamulo lomwe limayendetsa kugula, kugulitsa, kunyamula ndi kulipira katundu pamene wogula ndi wogulitsa ali m'mayiko osiyana. M'Malawi phunziroli limapezeka m'maphunziro a zamalamulo a pa yunivesite, monga ku University of Malawi ku Zomba, ndipo limamangidwa pa maphunziro a malamulo a mapangano ndi a zamalonda omwe wophunzira amayamba nawo. Mafunso ake aakulu ndi atatu: lamulo la dziko liti ndilo ligwire ntchito, katundu akawonongeka panjira aluza ndani, ndipo mkangano ukabuka ukaweruzidwira kuti.

Mbali ziwiri za phunziroli

Mbali yoyamba ndi mapangano a maboma. Malawi adalowa bungwe la World Trade Organization mu 1995, ndipo ndi membala wa COMESA ndi SADC. Mapangano a mabungwewa amanena za msonkho wa pachipata ndiponso umboni wosonyeza komwe katundu adapangidwira. Mozambique ili mu SADC koma siili mu COMESA, choncho chikalata chochepetsera msonkho pamalonda ndi Zambia sichingagwire ntchito chimodzimodzi pamalonda ndi Mozambique.

Mbali yachiwiri ndi mapangano a amalonda eni ake, ndipo apa ndi pomwe maloya ambiri amagwira ntchito. Lamulo la Malawi la kugulitsa katundu, Sale of Goods Act, lidatengera lamulo la ku England la 1893. Pangano la United Nations la 1980 lokhudza kugulitsana katundu pakati pa mayiko, lodziwika kuti CISG, Zambia idalivomereza koma Malawi sadalowemo. N'chifukwa chake loya wosamala amalemba m'pangano momveka bwino kuti ndi lamulo la dziko liti lomwe litsatidwe.

Njanji ya ku Nacala

Maboma a Balaka ndi Machinga ndi malo abwino owonerapo momwe malamulowa amagwirira ntchito. Njanji yochokera ku Nkaya m'boma la Balaka, kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi m'boma la Machinga, idatsegulidwa mu 1970 kuti ilumikize Malawi ndi doko la Nacala ku Mozambique. Mu 1999 boma lidapereka njanji za m'dziko muno kwa kampani ya Central East African Railways, ndipo pambuyo pake kampani ya ku Brazil ya Vale idamanga njanji ina yonyamula malasha a ku Moatize kudutsa m'Malawi, yomwe imakumana ndi yakale pa Nkaya.

Katundu akangodutsa pa Nayuchi amalowa m'dziko lomwe malamulo ake adachokera ku Portugal, osati ku England, ndipo akafika ku Nacala amalowa m'malamulo a zapanyanja. Thumba limodzi la nandolo lopita ku Mumbai limakhala ndi pangano logulitsira, pangano la wonyamula pa njanji, pangano la sitima ya pamadzi, inshuwalansi, ndiponso pangano la banki. Lililonse likhoza kutsata lamulo la dziko lina.

Pofuna kuchepetsa mikangano, amalonda amagwiritsa ntchito mawu achidule otchedwa Incoterms, omwe bungwe la International Chamber of Commerce lidayamba kufalitsa mu 1936 ndipo lidawakonzanso mu 2020. Pangano likati FOB Nacala, wogulitsa wa ku Malawi ndiye amasenza chiopsezo chonse mpaka katundu atakwezedwa m'sitima padoko. Ngolo ikagwa pakati pa Cuamba ndi Nampula, oluza ndi iyeyo. Likati FCA Liwonde, chiopsezo chimapita kwa wogula katundu akangoperekedwa kwa wonyamula ku Liwonde. Zilembo zitatu zokha zimasuntha chiopsezo makilomita mazanamazana, ndipo kwa dziko lopanda doko kusiyanaku n'kwakukulu kuposa momwe mabuku olembedwa ku London amasonyezera.

Kulipira ndi kuthetsa mikangano

Wogulitsa safuna kutumiza katundu asanalandire ndalama, wogulanso safuna kulipira asanawone katundu. Njira yodziwika yothetsera vutoli ndi letter of credit: banki ya wogula imalonjeza kulipira ikalandira zikalata zolondola, makamaka bill of lading, chikalata chomwe wonyamula pamadzi amapereka. Banki imayang'ana zikalata zokha, siyang'ana katundu, ndipo dzina kapena tsiku likalakwika ikhoza kukana kulipira ngakhale katunduyo ali wabwino. Mabanki ambiri amatsata malamulo a UCP 600 a mu 2007.

Milandu ya zamalonda m'Malawi imapita ku nthambi ya zamalonda ya High Court, koma mapangano ambiri a pakati pa mayiko amasankha oweruza apadera osankhidwa ndi eni mkangano. Mu 2021 Malawi adalowa pangano la New York la 1958, lomwe limachititsa kuti chigamulo cha oweruza otere chilemekezedwe m'mayiko ena omwe ali m'panganolo.

Nkhani ya nandolo

Pali zinthu zina zomwe pangano la amalonda silingateteze. Mu 2017 India idaika malire pa nandolo wolowa m'dziko lake, ndipo mtengo udagwa kwambiri m'misika ya kum'mwera kwa Malawi, kuphatikizapo Balaka ndi Machinga, komwe alimi ambiri adali atalima mbewuyi podalira msika wa ku India. Mozambique idali itasainirana kale pangano la nandolo ndi India mu 2016. Malawi adasaina pangano lake mu 2021, lolola matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu.