Kuyenda m'nkhalango kopumitsa mtima (Rufunsa)

Uku ndi kuyenda pang'onopang'ono m'nkhalango motsogozedwa ndi munthu wodziwa tchire, osathamangira kufika kulikonse, koma kumvetsera mbalame, kununkhiza dothi ndi kukhudza makungwa a mitengo. Ku Japan amakutcha shinrin-yoku, dzina lomwe bungwe loona za nkhalango m'dzikolo linayamba kufalitsa mu 1982. Ofufuza akumeneko, monga Qing Li, amati kuyenda kotere kumachepetsa nkhawa ndi kuthamanga kwa magazi.

M'Zambia, chofanana nako ndi ulendo wapansi woonera nyama, womwe Norman Carr anatchukitsa m'chigwa cha Luangwa. Pa ulendowu alendo amayenda ochepa, mondondozana, mwakachetechete, patsogolo pali mlonda wa nyama wonyamula mfuti, chifukwa tchire lathu lili ndi njovu ndi njati.

Boma la Rufunsa, m'chigawo cha Lusaka, lili ndi nkhalango ya miombo yoyenereradi maulendo otere. Cha mu Seputembala, mvula isanagwe, miombo imaphuka masamba ofiira ngati moto, kenako n'kubiriwira. Dzinja likafika, bowa amatumphuka patsinde pa mitengo, ndipo amayi a m'midzi ya mafumu Mpanshya ndi Shikabeta amadziwa wodyedwa ndi wakupha. Anthu otere ndiwo oyenera kutsogolera alendo, n'kumalandirapo kangachepe.

Chodetsa nkhawa ndi makala. Matumba ake amandanda m'mbali mwa Great East Road kudikira magalimoto opita ku Lusaka. Pofuna kuchepetsa kudula mitengo, kampani ya BioCarbon Partners imagwira ntchito ndi midzi yozungulira Rufunsa Conservancy poteteza nkhalangoyo.