Kabati ya zovala ya m'khoma

Kabati ya zovala ya m'khoma ndi kamalo kosungiramo zovala komwe kamamangidwira limodzi ndi khoma la chipinda chogona. M'Chingerezi imatchedwa reach-in closet chifukwa munthu salowamo, amangoima pakhomo n'kutambasula dzanja kuti atenge chimene akufuna. Makabati otere ndi ofala m'nyumba za ku United States ndi Canada. M'mayiko ambiri a ku Ulaya ndi ku Africa anthu amakonda kabati yoima payokha, yokhomedwa ndi kalipentala kapena yogula m'sitolo, koma kasungidwe ka zovala n'kofanana. Vuto lalikulu la kabati yaing'ono si kuchepa kwa malo kokha ayi, koma kuti malo a m'mwamba ndi a pansi nthawi zambiri amangokhala osagwiritsidwa ntchito.

Miyezo

Ku United States, kabati yotere imalowa mkati mainchesi 24, omwe ndi pafupifupi masentimita 60. Muyezowu umachokera pa kukula kwa hang'ala: hang'ala ya munthu wamkulu imatambalala masentimita oposa 40, ndipo chovala chikapachikidwa chimafuna malo ena oti chisakhudze khoma kapena chitseko. M'lifupi, makabati ambiri amayambira pafupifupi mita imodzi kufika mamita awiri ndi theka.

Omanga nyumba kawirikawiri amaikamo chitsulo chimodzi chopingasa chopachikapo zovala, pamtunda wa masentimita pafupifupi 170 kuchokera pansi, ndi shelefu imodzi pamwamba pake. Popeza malaya akapachikidwa amalendewera osapitirira mita imodzi, pansi pake pamatsala mpata wa masentimita 70 kapena kuposerapo. Pakati pa shelefu ndi denga pamatsalanso mpata wina.

Kugawa malo

Njira yodziwika kwambiri yowonjezera malo ndi kuika zitsulo ziwiri, china pamwamba pa chinzake. Chapansi chimakhala pamtunda wa mita imodzi, chapamwamba pafupifupi mamita awiri. Motero malaya, masiketi, majekete ndi mathalauza opinda pakati amakwana ochuluka kawiri pamalo omwewo. Madiresi aatali ndi makhoti amafuna mbali yawoyawo yokhala ndi chitsulo chimodzi, choncho mwini kabati amayamba wawerenga zovala zake zazitali ndi zazifupi asanagawe malo.

Mashelefu a zovala zopinda amakhala bwino akalowa mkati masentimita 30 mpaka 40. Akalowa kwambiri, zovala za kumbuyo zimabisika n'kuiwalika. Majuzi ndi zoluka zina amazipinda m'malo mozipachika, chifukwa kulemera kwake kumazitambasula m'mapewa.

Katundu amaikidwa potengera nthawi imene amafunika. Zovala za tsiku ndi tsiku zimakhala pakati, pamene maso ndi dzanja zimafika mosavuta. Mabulangete, masutikesi ndi zovala za nyengo yozizira zimapita pashelefu yapamwamba. Nsapato ndi zinthu zolemera zimakhala pansi.

Zitseko ndi mahang'ala

Mtundu wa chitseko umakhudza kagwiritsidwe ntchito ka kabati. Zitseko zotsetsereka sizidya malo m'chipinda, koma zimatsegula theka lokha la kabati nthawi imodzi, ndipo madilowa oikidwa pakati sangakokeke. Chitseko cha mahinjesi chimafuna malo otsegukira, koma kuseri kwake kungakhomedwe tizitsulo topachikapo malamba, mataye ndi zikwama.

Mahang'ala amatabwa ndi olimba ndipo amasunga bwino mapewa a jekete, koma ndi ochindikala. Mahang'ala opyapyala amathandiza kuti zovala zambiri zikwane pachitsulo chimodzi. Hang'ala ya waya imanenedwa kuti inayambitsidwa mu 1903 ndi Albert J. Parkhouse, yemwe ankagwira ntchito pakampani yopanga zinthu za waya mumzinda wa Jackson, ku Michigan.

Malonda ndi njira zotchuka

Kukonza makabati kunasanduka malonda aakulu. Kampani ya Elfa, yomwe inayamba ku Sweden mu 1948, imapanga mashelefu ndi madengu a waya omwe munthu angathe kuwakweza kapena kuwatsitsa. California Closets inayamba ku United States mu 1978 ndipo imapanga zamkati mwa kabati motengera miyezo ya nyumba ya wogula. Marie Kondo wa ku Japan, yemwe buku lake linatuluka m'Chingerezi mu 2014, anatchukitsa njira yopinda zovala n'kuziimika mudilowa m'malo mozisanjikiza, kuti chilichonse chizioneka. Iye amalimbikitsanso kuchotsa kaye zovala zosafunika musanayambe kulongedza.

Chinyezi ndi tizilombo

Kuthithikiza zovala kuli ndi kuipa kwake. Mpweya ukapanda kuyenda, chinyezi chimatsalira mkati ndipo zovala, nsapato zachikopa ndi khoma zimachita chuku. Vutoli limakula m'nyengo ya mvula komanso pamene kabati yagundana ndi khoma lakunja kapena la bafa. Limachepa ngati zovala zalowetsedwa zitauma bwinobwino, ngati pakati pa mahang'ala pali mpata, ndiponso ngati zitseko zimatsegulidwa nthawi ndi nthawi.

Njenjete zimakonda malo amdima osasokonezedwa. Mphutsi zake ndi zomwe zimaboola nsalu za ubweya ndi silika, makamaka zokhala ndi thukuta kapena madontho a chakudya. N'chifukwa chake zovala zosungidwa miyezi yambiri zimayenera kuchapidwa kaye n'kutsekeredwa m'chikwama kapena m'bokosi.

Anthu ena amaika timibulu toyera ta naphthalene pothamangitsa njenjete. Mankhwalawa ndi poizoni, ndipo ana angawameze powayesa maswiti. Amathanso kuswa maselo ofiira a magazi mwa anthu obadwa ndi vuto la kuchepa kwa G6PD, lomwe ndi lofala ku Africa; makanda ovekedwa zovala zosungidwa ndi mankhwalawa amakhala pachiopsezo chachikulu. Mayiko a European Union analetsa timibulu ta naphthalene mu 2008.