Kaumitsidwe ndi Kakonzedwe ka Zosefera Mafuta a Chamba cha Mankhwala ndi cha Mafakitale

Nkhaniyi ikudziwitsa alimi, amalonda ndi anthu onse za kasamalidwe koyenera ka zosefera mafuta ochokera ku chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale. Uthengawu ukupita makamaka kwa makampani ndi magulu a alimi amene ali ndi chiphaso choyengera mafutawa, komanso kwa amalonda amene amaitanitsa ndi kugulitsa zosefera. Mlimi amene amangolima n'kukagulitsa ku fakitale nayenso ukumukhudza, pakuti mafuta akakanidwa pamsika, phindu la mbewu yake nalo limalowa pansi.

Zimene malamulo akunena

Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, limene lidakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Bungweli ndi limene limapereka ziphaso kwa ofuna kulima chamba, kuyenga mafuta ake, kuchisunga, kuchinyamula ndi kuchigulitsa. Ntchito iliyonse ili ndi chilolezo chake, choncho chiphaso cholimira pachokha sichipatsa munthu mphamvu yoyenga mafuta. Chamba cha mafakitale sichiyenera kukhala ndi THC, yomwe ndi mphamvu yoledzeretsa ija, yopitirira 1 peresenti. Kulima, kusunga kapena kugulitsa chamba popanda chiphaso ukadali mlandu, ndipo zonse zimene zalembedwa m'munsimu ndi za okhawo amene akugwira ntchito movomerezeka.

Chifukwa chake mafuta amasefedwa

Mafuta a njere za chamba amafinyidwa ngati a mpendadzuwa, ndipo kusefa kwake n'kosavuta. Amene akunenedwa pano ndi a m'maluwa ndi masamba, momwe mumapezeka CBD yogwiritsidwa ntchito popanga mankhwala. Njira yofala yowatulutsira ndi kuviika maluwa ouma mu ethanol wozizira kwambiri. Ethanol akamasungunula mafutawo amatengerakonso zina zosafunika: chlorophyll yomwe imabiriwitsa masamba ndi kuwawitsa mafuta, phula la pamasamba, ndi tizidutswa ta mbewu. Madzi otuluka pamenepa amakhala obiriwira moderapo, pamene ogula amafuna mafuta oyera, osawawa ndi osachedwa kuyezedwa.

Phula limachotsedwa poziziritsa madziwo kufika pa madigiri 20 pansi pa ziro kapena kupyola apo, kuti ligwirane n'kutsalira pa pepala losefera. Mtundu ndi fungo zimachotsedwa podutsitsa madziwo mu ufa wapadera, ndipo ufa umenewu ndi umene tikuutcha zosefera.

Mitundu ya zosefera

Makala okonzedwa mwapadera, amene pamalonda amadziwika kuti activated carbon, amapangidwa kuchokera ku zikamba za kokonati, mitengo kapena malasha. Amawotchedwa ndi nthunzi pa madigiri oposa 800 mpaka atachita timabowo tosaoneka ndi maso. Timabowoti n'tochuluka kwambiri moti tikadayalidwa pansi, galamu imodzi yokha ikadakuta malo oposa masikweya mita 500. M'timabowo timeneti ndi momwe chlorophyll imakakamira.

Dongo la bentonite lidachokera ku phulusa la mapiri ophulika akalekale. Mafakitale oyenga mafuta ophikira amagwiritsanso ntchito dongo la mtunduwu poyeretsa mafuta a soya ndi a mpendadzuwa. Lina limagulitsidwa monga lilili, lina limayamba latsukidwa ndi asidi kuti likhale lamphamvu.

Diatomite ndi ufa wopepuka wochokera ku zikamba za tizomera tating'onoting'ono tam'madzi timene tidaunjikana pansi pa nyanja. Iye sachotsa mtundu kwenikweni. Ntchito yake ndi kugwira tizidutswa ndi kuthandiza kuti madzi aziyenda bwino, sefa isatsekeke.

Silica gel ndi mchenga wopangidwa ku fakitale umene umayamwa chinyezi ndi zina zodetsa mafuta. Pali wina wamtundu wabuluu amene amasintha maonekedwe akanyowa. Ameneyu ali ndi cobalt chloride, mankhwala oopsa m'thupi, ndipo asakhudzane ndi mafuta.

Makala ophikira sangalowe m'malo mwa activated carbon ngakhale atasinjidwa bwanji, ndipo dothi la pachulu kapena la kudambo silingalowe m'malo mwa bentonite. Zinthu zimenezi sizinayezedwe, ndipo zikhoza kusiya phulusa, tizilombo, mtovu kapena arsenic m'mafuta amene odwala adzamwe.

Zimene chinyezi chimawononga

Mphamvu imene zosefera zimakokera zonyansa ndi yomweyonso zimakokera nayo chinyezi cha mumpweya. Thumba likatsekulidwa n'kusiyidwa pambalambanda, ufa umayamba kuyamwa madzi nthawi yomweyo, ngakhale ukamaugwira umaoneka wouma. Vutoli limakula m'nyengo yadzinja, kuyambira November mpaka April, m'madera a m'mbali mwa nyanja monga Nkhotakota, Salima ndi Nkhata Bay, komanso m'masiku a chiperoni ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre.

Madzi akadzaza timabowo, zonyansa zimasowa pokakamira, ndipo ufa wochuluka umagwira ntchito yochepa. Ufa wonyowa umachitanso mibulu. Madzi osefedwa amangodzipezera njira pakati pa mibuluyo n'kutuluka monga adalowera, mbali yaikulu ya ufa osakhudzidwa n'komwe. Chinyezicho chimalowanso mu ethanol, ndipo ethanol wamadzi akagwiritsidwanso ntchito amatengera chlorophyll yambiri kuposa poyamba. Mafuta otsalira madzi sasungika nthawi yaitali. Woyenga amene sakudziwa gwero la vutoli amangowonjezera ufa, pamene ufa uliwonse wowonjezera umamwanso gawo la mafuta abwino.

Ndondomeko ya kaumitsidwe

Zosefera zilizonse zovomerezeka zimabwera ndi chikalata cha wopanga, chofotokoza chinyezi choyenera ndi kutentha kumene zingapirire. Chikalatacho ndiye chitsogozo choyamba. Ndondomeko yofala ndi iyi:

1. Gwiritsani ntchito uvuni wamagetsi wokhala ndi choyezera kutentha, wopatulidwira ntchito imeneyi yokha. Musaumitse pamoto wa nkhuni, pambaula kapena padzuwa, chifukwa ufa umayamwa utsi ndi fumbi, ndipo dzuwa silitha kutulutsa madzi a m'timabowo.

2. Yalani ufa mopyapyala, osapitirira masentimita awiri, m'mathireyi oyera achitsulo chosachita dzimbiri kapena agalasi lopirira moto. Ukaunjikana, wapamwamba umauma, wapansi n'kukhalabe wonyowa.

3. Yezani thireyi ndi ufa pasikelo yoonetsa magalamu, ndipo lembani kulemera kwake.

4. Umitsani pa kutentha kopitirira pang'ono pamene madzi amawira. Kwa zosefera zambiri, madigiri apakati pa 105 ndi 120 amakwanira, kwa maola awiri kapena kuposerapo.

5. Tulutsani thireyi, iziziritseni m'chiwiya chotsekeka bwino, kenaka yezaninso. Ufa wotentha ukasiyidwa poyera kuti uzizire umabwezeretsa chinyezi chimene mwangochotsa kumene.

6. Bwezerani mu uvuni kwa ola lina ndi kuyezanso. Kulemera kukasiya kutsika, ufa wauma. Umboni wa kuuma ndi sikelo, osati dzanja kapena diso.

Kuchuluka kwa chinyezi kumadziwika pa kusiyana kwa miyezo. Mwachitsanzo, ngati ufa wa magalamu 100 watsika kufika pa 92, ndiye kuti unali ndi chinyezi cha 8 peresenti.

Kuumitsa nako kuli ndi malire. Dongo loyeretsera mafuta limatuluka ku fakitale lili ndi chinyezi pang'ono chimene wopanga adachisiya dala, ndipo likawotchedwa mopyola muyezo limataya mphamvu. Silica gel nayenso amawonongeka ndi moto wochuluka. Kuwonjezera kutentha pofuna kufulumira n'kutaya ndalama.

Kuyala zosefera

Ufa ukauma ndi kuzizira, uyalidwe m'sefa tsiku lomwelo. Pansi penipeni pamakhala pepala losefera lolimba, kenaka diatomite, ndipo dongo kapena makala zimakhala pamwamba pake. Dongosolo limeneli limateteza kuti fumbi la makala ndi dongo lisadutse n'kulowa m'mafuta. Gawo lililonse lisalazidwe ndi kutsinderedwa mofanana, popanda ming'alu kapena mipata m'mbali.

Musanathire mafuta, dutsitsani kaye ethanol woyera kuti ufa ukhazikike ndi kuti fumbi lituluke. Ethanol ameneyu akhale wa mlingo wovomerezeka pa zakudya ndi mankhwala. Dziko lino limapanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, koma amene wakonzedwera kusakaniza ndi petulo kapena spiriti wofiirira wa m'sitolo sayenera pa ntchito iyi. Pomaliza mafuta adutsenso pa pepala la timabowo tating'ono kwambiri, kuti pasatsale ufa ngakhale pang'ono.

Opanga mafuta a CBD asamale kwambiri ndi dongo lotsukidwa ndi asidi. Asidi wotsalira m'mafuta akakumana ndi kutentha amatha kusandutsa gawo la CBD kukhala THC. Zikatero, mafuta ochokera ku mbewu yololedwa amapezeka atapyola malire pamene akuyezedwa, ndipo katundu yense akhoza kukanidwa pamsika wa kunja kapena kugwidwa. N'chifukwa chake ufa watsopano uliwonse uyenera kuyesedwa kaye pa mafuta ochepa, ndipo mafutawo apite ku labotale ntchito yaikulu isanayambe.

Chitetezo cha ogwira ntchito

Ethanol amayaka msanga. Mpweya wake ukhoza kugwira moto ngakhale pa madigiri 13, kutanthauza kuti m'chipinda chilichonse chogwirira ntchito ngozi imakhalapo. Ufa umene wakhudzana kale ndi ethanol usalowe mu uvuni ngakhale utaoneka wouma. Uvuni ukhale m'chipinda china, kutali ndi kosungira ethanol, ndipo chozimira moto chikhale pafupi.

Fumbi la diatomite, makamaka wowotchedwa ku fakitale, lili ndi timchenga takuthwa timene timakhazikika m'mapapo n'kuyambitsa matenda a silicosis, omwe sachizika. Diatomite wosefera madzi a m'maiwe osambiramo ali m'gulu limeneli ndipo si wa zakudya. Aliyense woyeza kapena kuyala ufa avale chophimba pakamwa ndi pamphuno cha mtundu wa N95 kapena FFP2, magalasi oteteza maso ndi magolovesi. Kansalu wamba sikatchinga fumbi lotere. Ufa wotayikira pansi upukutidwe ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa ndi tsache.

Makala okonzedwa akanyowa amayamwa mpweya umene timapuma, choncho munthu asalowe m'thanki kapena m'chipinda chotsekeka momwe mwasungidwa makala onyowa ochuluka.

Zosefera zogwiritsidwa kale ntchito zisaumitsidwenso kuti zibwerezedwe. Dongo lonyowa mafuta likaunjikidwa limatha kutentha lokha mpaka kuyaka. Zotsalirazi ziikidwe m'migolo yachitsulo yovundikira, kunja kwa nyumba, pamthunzi. Popeza zimakhala ndi zotsalira za chamba, zilembedwe m'kaundula ndi kutayidwa motsatira malangizo a Cannabis Regulatory Authority ndi a Malawi Environment Protection Authority. Zisatayidwe kudzala, mumtsinje kapena m'munda.

Kasungidwe ndi udindo wa amalonda

Ufa wouma usungidwe m'mabotolo agalasi kapena m'zitini zotsekeka bwino, zodzaza mpaka pakamwa kuti musatsale mpweya wambiri. Pa chiwiya chilichonse palembedwe dzina la ufa, nambala ya thumba lomwe udachokera, tsiku loumitsa ndi chinyezi chimene chidapezeka. Matumba osatsekula asanjidwe pamatabwa, osagunda pansi kapena khoma, kutali ndi feteleza, mankhwala ophera tizilombo, dizilo ndi penti, pakuti makala amayamwa fungo la chilichonse choyandikana nawo.

Amalonda akupemphedwa kugulitsa zosefera za mlingo wa zakudya zokha, m'matumba a wopanga, pamodzi ndi chikalata cha zotsatira za kuyeza ndi chikalata cha chitetezo. Kupungulira ufa m'majumbo opanda dzina kumabisa gwero lake ndipo kumaulowetsa chinyezi. Ogula akane thumba long'ambika, lonyowa kapena louma gwaa ngati simenti yogona. Za miyezo ya katundu, funsani ku Malawi Bureau of Standards, ndipo za mafuta opita ku mankhwala a anthu, ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Gawo la mlimi

Sefa imasintha maonekedwe a mafuta, koma sichiritsa mbewu yowonongeka. Maluwa amene adachita nkhungu akhoza kukhala ndi chuku chonga chimene chimakanitsa mtedza wathu kumisika ya kunja, ndipo kuyera kwa mafuta si umboni wakuti poizoniyo wachoka. Chamba chimayamwanso zitsulo zoopsa kuchokera m'nthaka, ndipo mankhwala opopera osavomerezeka amatsalira m'maluwa. Kugwiritsa ntchito zosefera pofuna kubisa mbewu yoola n'chinyengo chimene chimaika moyo wa odwala pachiswe ndi kuipitsa mbiri ya katundu wa dziko lino.

Alimi aumitse maluwa pamthunzi, pamathandala oyera, pamalo opita mphepo, kufikira chinyezi chitatsika pa 10 mpaka 12 peresenti, ndipo asawalongedze m'matumba a feteleza. Amene akufuna kudziwa zambiri za ziphaso ndi kayengedwe kovomerezeka apite ku Cannabis Regulatory Authority ku Lilongwe, kapena afunse ku ofesi ya zamalimidwe ya m'boma lawo.